Kuwerengera Chuma cha Pabanja pa Spreadsheet: Kodi Ndalama Zathu Zikukula Kapena Zikungochuluka?

Mabanja ambiri saika ndalama zawo malo amodzi. Zina zili pafoni, zina ku banki m'khonde, zina zinasanduka mbuzi, zina ndi matumba a chimanga odikira Januwale, ndipo masiku ano ena ayamba kugula masheya kapena kubwereketsa ndalama ku boma kudzera ku banki (ma Treasury bill). Kugawa kotereku n'kwanzeru. Koma mukafunsa eni khomo kuti mwa zonsezi chimene chawapindulira kwambiri chaka chatha n'chiti, yankho limangochokera m'mutu. Munthu amakumbukira tsiku logawana ndalama ku gulu, n'kuiwala mankhwala a mbuzi, matumba, thiransipoti ndi zindapusa.

Kabuku kano kakuphunzitsani kupanga chowerengera chanuchanu pa spreadsheet, lomwe ndi tebulo la pakompyuta kapena pafoni lotha kuwerengera lokha mukaliuza chochita. Funso lalikulu limene tebuloli liyenera kuyankha ndi limodzi: ndalama zimene tili nazo lero, kodi zingagule zinthu zambiri kuposa zimene tinali nazo chaka chatha? Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Pa nthawi ngati zimenezi munthu akhoza kukhala ndi makwacha ochuluka kuposa kale koma ali wosaukirapo.

Zofunika musanayambe

Pulogalamu iliyonse mwa izi igwira ntchito: Microsoft Excel, Google Sheets, LibreOffice Calc kapena WPS Office. Google Sheets ndi LibreOffice n'zaulere. Pafoni zimatheka, ngakhale kuti tsiku loyamba ndi bwino kubwereka kompyuta, chifukwa kulemba mafomula ndi chala pa kagalasi kakang'ono kumatopetsa.

Tebulo lili ndi mizere yotsika yotchedwa ndi zilembo A, B, C, ndi mizere yopingasa yotchedwa ndi manambala. Pamene yakumana pali kabokosi. Kabokosi ka pa mzere wotsika B ndi mzere wopingasa 2 dzina lake ndi B2. Mukalemba mawu kapena nambala, kabokosi kamangosunga. Mukayamba ndi chizindikiro cha =, kamawerengera: lembani =B2+C2 ndipo kadzaphatikiza zimene zili m'mabokosi awiriwo, n'kumasintha kokha nthawi iliyonse imene manambalawo asintha. Imeneyi ndiyo fomula.

Polemba ndalama musalembe K kutsogolo kwake. Lembani 500000 basi. Mukalemba K500,000 pulogalamu ikhoza kuyesa kuti ndi mawu, n'kuzisiya kunja pophatikiza osakuuzani.

Tsegulani masamba anayi m'fayilo imodzi, muwatche Maziko, Chuma, Zochitika ndi Zikavuta.

Tsamba la Maziko

Ili ndi tsamba laling'ono losungira manambala amene mafomula ambiri amadalira. Mu A1 lembani "Kukwera kwa mitengo", mu B1 muike 30%. Mu A2 lembani "Malire osinthira", mu B2 muike 5%. Mu A3 lembani "Msonkho wa chiwongola dzanja", mu B3 muike peresenti imene banki yanu imadula. Chiwerengero cha kukwera kwa mitengo chimalengezedwa mwezi uliwonse ndi National Statistical Office ya ku Zomba, ndipo nyuzipepala ndi wailesi zimachiulutsa. Ife tayika 30% ngati chitsanzo chabe.

Lamulo lake n'lakuti nambala ngati imeneyi ilembedwe malo amodzi okha. Mukailemba m'kati mwa mafomula khumi, tsiku limene idzasinthe mudzakonza asanu ndi anayi n'kuiwala imodzi.

Tsamba la Chuma

Pamzere woyamba lembani mitu iyi, kuyambira A mpaka L: Malo, Zimene tinaika, Mtengo wake lero, Zimene talandira, Zimene tawononga, Phindu, Phindu pa 100, Phindu lenileni, Gawo lero, Gawo lofunika, Kusiyana, Chochita.

Tiyerekeze banja lina longopeka limene chaka chatha linagawa K2,000,000 malo asanu ndi amodzi. Manambala anayi a mzere uliwonse alowe mu B, C, D ndi E motsatana:

Mzere 2, pafoni ndi ku akaunti: 200000, 200000, 8000, 6000
Mzere 3, banki m'khonde: 300000, 300000, 120000, 10000
Mzere 4, Treasury bill: 500000, 500000, 100000, 0
Mzere 5, masheya: 400000, 520000, 12000, 8000
Mzere 6, mbuzi: 300000, 420000, 0, 45000
Mzere 7, chimanga chosungira malonda: 300000, 390000, 0, 40000

Mzere 8 muusiye wopanda kanthu. Mu A9 lembani "Zonse", mu B9 lembani =SUM(B2:B8), ndipo fomulayi muikokere ku C9, D9, E9 ndi F9. Mukadzafuna kuwonjezera malo ena, monga SACCO kapena ndalama zosungitsa ku banki kwa miyezi yoikika, mudzalowetse mzere watsopano pamwamba pa mzere wopanda kanthuwo, ndipo SUM idzauphatikiza yokha.

Pa mizere inayi yolemba pamanjayi ndi pamene pamagona chilungamo cha tebulo lonse, ndiye tiyeni tichedwepo.

"Mtengo wake lero" si mtengo umene mumaulakalaka. Ndi ndalama imene mungalandire mutagulitsa sabata ino. Mbuzi muilembe pa mtengo umene wogula wa pamsika wanu angapereke, osati umene munamva kuti wina anagulitsira ku Lilongwe nthawi ya Khirisimasi. Chimanga muchiyeze kaye, chifukwa thumba limene linali makilogalamu 50 mu Juni likhoza kupepuka likauma kapena anankafumbwe akalowamo. Masheya muwalembe pa mtengo umene wasindikizidwa ndi Malawi Stock Exchange, msika wa masheya wa ku Blantyre umene kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996, ndipo lero pali makampani ngati National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank, Illovo, Press Corporation, TNM ndi Airtel Malawi. Chulukitsani chiwerengero cha masheya anu ndi mtengo wa sheya imodzi. Komabe dziwani kuti phindu la masheya amene simunagulitse likadali papepala. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Msika wathu ndi waung'ono, ndipo pali masiku amene wogulitsa amasowa wogula pa mtengo wolembedwawo.

"Zimene talandira" ndi ndalama zimene zafika m'manja msonkho utadulidwa kale: chiwongola dzanja, dividendi ya masheya, phindu la pogawana ku gulu, ndalama za mbuzi imene mwagulitsa. Ngati banki yakuuzani chiwongola dzanja musanadulidwe msonkho, chulukitsani ndi 1 kuchotsa peresenti ya msonkho. Mwachitsanzo =125000*(1-Maziko!B3) ipereka 100000 ngati mu B3 muli 20%. Mbuzi imene mwapha pa chinkhoswe kapena pamaliro muilembenso pano pa mtengo wake, popeza banja lapindula nayo.

"Zimene tawononga" ndi pamene anthu ambiri amadzinamiza. Ndalama zodulidwa potumiza ndi potapa pa Airtel Money kapena Mpamba, ndalama ya thumba la zadzidzidzi ku gulu, chindapusa chochedwa kumsonkhano, malipiro a wokugulirani masheya, katemera ndi mankhwala a njoka zam'mimba za mbuzi, kukonza khola, mnyamata wobusa, matumba, mankhwala othira m'chimanga, ngolo kapena njinga yonyamulira: zonsezi zilowe.

Tsopano mafomula. Mu F2 lembani =C2+D2-E2-B2. Mu G2 lembani =F2/B2, ndipo mzerewo muusankhire kuti uzionetsa peresenti. Kokerani mafomula awiriwa mpaka mzere 7, ndipo ya G muiyikenso mu G9.

Muona kuti banja lija lapeza K2,000 pa ndalama za pafoni, K110,000 ku banki m'khonde, K100,000 pa Treasury bill, K124,000 pa masheya, K75,000 pa mbuzi ndi K50,000 pa chimanga. Zonse pamodzi ndi K461,000, kutanthauza 23 peresenti. Aliyense angasangalale nazo.

Phindu lenileni

Mu H2 lembani =(1+G2)/(1+Maziko!$B$1)-1 ndipo muikokere pansi, osaiwala H9.

Chizindikiro cha $ chili ndi ntchito. Mukakokera fomula pansi, pulogalamu imasuntha mayina a mabokosi: G2 imasanduka G3, kenako G4. Zimenezo ndi zimene tikufuna pa G. Koma kukwera kwa mitengo kuli m'kabokosi kamodzi kokha, ndiye timakakhomerera ndi $ kuti kasasunthe. Mukaiwala $, mzere wachiwiri udzawerengera bwino, wachitatu udzatenga 5% ya malire osinthira m'malo mwa 30%, ndipo mudzakondwa ndi phindu lomwe kulibe.

Onani zimene zatuluka. Ndalama za pafoni zataya mphamvu ndi 22.3 peresenti. Chimanga chataya 10.3, Treasury bill 7.7, mbuzi 3.8. Masheya angopitirira pang'ono ndi 0.8, banki m'khonde ndi 5.1. Chuma chonse pamodzi chatsika ndi 5.3 peresenti. Kuti banjali lingokhala pamene linali, linafunika kupeza K600,000, koma lapeza K461,000. Makwacha achuluka, koma shuga, sopo ndi feteleza zimene angagule zachepa.

Musathamangire kunena kuti ndiye kusunga n'kopanda ntchito. Banjali likanasunga K2,000,000 yonse m'sutikesi likanataya 23 peresenti ya mphamvu yake. Kutaya 5 m'malo mwa 23 ndi ntchito yaikulu ndithu. Tebulo langokuonetsani pamene pali mpata wokonza.

Chiwerengero cha boma ndi cha dziko lonse, pamene khomo lililonse lili ndi zogula zake. Ngati ndalama zanu zambiri zimathera ku fizi ndi feteleza, mukhoza kudziwerengera nokha. Pansi pa tsamba la Maziko, kuyambira mzere 6 mpaka 15, lembani zinthu khumi zimene mumagula kwambiri: dzina mu A, kuchuluka kwake pachaka mu B, mtengo wa chaka chatha mu C, mtengo wa lero mu D. Fomula yake ndi =SUMPRODUCT(B6:B15,D6:D15)/SUMPRODUCT(B6:B15,C6:C15)-1. SUMPRODUCT imachulukitsa manambala a mizere iwiri, lina ndi linzake, n'kuphatikiza zotsatira zonse. Chotuluka ndicho kukwera kwa mitengo kwa pakhomo panu, ndipo ine ndimakhulupirira chimenechi kuposa china chilichonse poyeza chuma cha banja.

Kugawa: zingati ziikidwe kuti

Mu I2 lembani =C2/$C$9 ndipo mukokere pansi. Zikuonetsani gawo limene malo alionse atenga pa chuma chonse cha K2,330,000: pafoni 8.6, banki m'khonde 12.9, Treasury bill 21.5, masheya 22.3, mbuzi 18.0, chimanga 16.7 peresenti.

Mzere wa J sufuna fomula, ufuna kukambirana. Apa bambo ndi mayi akhale pansi agwirizane gawo limene akufuna malo alionse akhale nalo. Poyambira si pa funso lakuti chimene chimapindula kwambiri n'chiti, koma lakuti ndalamayi idzafunika liti. Ya matenda ndi zadzidzidzi ikhale potapika lero lomwe, ngakhale ikutha mphamvu, chifukwa banja lopanda ndalama yotere limathera kwa akatapila kapena kugulitsa mbuzi motchipa. Ya fizi ya teremu yamawa ndi feteleza wa chaka chino iikidwe pamene tsiku lobwerera likudziwika. Ma Treasury bill, amene Reserve Bank of Malawi imagulitsa m'malo mwa boma, amakhala a masiku 91, 182 ndi 364, ndiye mukhoza kusankha amene adzakhwime nthawi yolipirayo isanakwane. Imene simudzaifuna kwa zaka zisanu kapena kupitirira ndiyo yoyenera masheya, chifukwa mtengo ukatsika muli ndi nthawi yodikira.

Banja lathu lija linasankha 10, 15, 25, 20, 15 ndi 15 peresenti. Amenewa si malangizo kwa inu. Banja la m'tauni lopanda khola lidzagawa mosiyana ndi la kumudzi, ndipo munthu amene watsala pang'ono kupuma pantchito sangagawe ngati wachinyamata.

Mu J9 ikani mlonda: =IF(ROUND(SUM(J2:J8),4)=1,"Zili bwino","Onaninso"). Magawo akapanda kukwana 100 peresenti, kabokosiko kadzakuuzani.

Mu K2 lembani =J2*$C$9-C2. Nambala ikakhala yopanda chizindikiro, malowo akuperewera. Ikakhala ndi chochotsera kutsogolo, apitirira. Pa chitsanzo chathu Treasury bill ikuperewera ndi K82,500, banki m'khonde ndi K49,500, pafoni ndi K33,000, pamene mbuzi zapitirira ndi K70,500, masheya ndi K54,000, chimanga ndi K40,500.

Kodi ndiye agulitse mbuzi ndi masheya mawa? Ayi. Kugula ndi kugulitsa kuli ndi zolipira zake, ndipo kusiyana kwakung'ono sikuyenera kukusowetsani tulo. Mu L2 lembani =IF(ABS(I2-J2)>Maziko!$B$2,IF(K2>0,"Onjezerani","Chepetsani"),"Siyani"). Fomulayi ikunena kuti: gawo likasiyana ndi lofunikalo kupitirira 5 peresenti, ndiuze chochita, apo ayi ndisiye. Pa banja lija mizere yonse ilemba "Siyani". Chimene angachite ndi kungolozetsa ndalama zatsopano kumene kukuperewera kwambiri, kuyambira ku Treasury bill.

Tsiku lina masheya adzakwera kwambiri, kabokosi n'kulemba "Chepetsani" pa nthawi imene anzanu onse akukamba zogula ena. Kumvera kabokosiko pa tsikulo n'kovuta, ndipo n'chifukwa chake malirewo mumagwirizana kukadali bata.

Tsamba la Zochitika, ndi nkhani ya masiku

Kuwerengera kwa mu G kumatenga ngati ndalama zonse zinalowa tsiku limodzi n'kukhala chaka chathunthu. Pa Treasury bill ya masiku 364 n'zoona. Ku banki m'khonde si choncho, chifukwa mumaponya pang'onopang'ono.

Pa tsamba la Zochitika lembani tsiku mu A, malo mu B, ndalama mu C. Ndalama yotuluka m'thumba mwanu ikhale ndi chochotsera, yolowa ikhale yopanda. Ngati banja lija linkaponya K25,000 pa 1 mwezi uliwonse kuyambira Januwale mpaka Disembala, lidzalemba -25000 kakhumi ndi kawiri, kenako 410000 pa tsiku logawana kumapeto kwa Disembala, zowonongeka zitachotsedwa. M'kabokosi kena lembani =XIRR(C2:C14,A2:A14). XIRR imaona utali wa nthawi imene ndalama iliyonse yakhala, n'kupereka phindu la pachaka. Apa ituluka yopitirira 70 peresenti, osati 36.7 ya mu G, chifukwa ndalama ya mu Novembala inangokhala miyezi iwiri. Kuti XIRR igwire ntchito pafunika nambala imodzi yochotsera ndi ina yopanda chochotsera, ndipo masiku alembedwe ngati masiku enieni amene pulogalamu ikuwazindikira.

Chiwerengero chimenechi chisakunyengeni. Phindu la banki m'khonde silichokera kumwamba, limachokera ku chiwongola dzanja cha ngongole za mamembala omwewo, inuyo muli momwemo. Ngati munatenga ngongole katatu pachaka n'kulipira chiwongola dzanja cha K90,000, ndiye mwa K120,000 ija yambiri ndi yanu yomwe yabwerera. Ngati ngongoleyo inapita ku geni yomwe inapindula, palibe vuto, koma ngati munaitenga chifukwa gulu limakakamiza aliyense kubwereka, n'kuidyera, lembani chiwongola dzanjacho mu "Zimene tawononga". Phindu la K110,000 lidzatsala K20,000. Mabanja ambiri amadabwa akafika pamenepa.

Tsamba lomweli likhoza kudzaza lokha mzere wa B wa pa Chuma. Mu B3 wa pa Chuma lembani =-SUMIFS(Zochitika!C:C,Zochitika!B:B,A3,Zochitika!C:C,"<0"). Iphatikiza ndalama zonse zotuluka zimene dzina la malo ake likufanana ndi la mu A3. Dzinalo lilembedwe mofanana paliponse, chifukwa "banki m'khonde" ndi "banki mkhonde" pulogalamu imaziona ngati malo awiri. Mukatero, zowonongeka muzipatse dzina lina pa tsambalo kuti zisawerengedwe kawiri.

Tsamba la Zikavuta

Harry Markowitz, katswiri wa zachuma wa ku America amene analandira mphoto ya Nobel mu 1990, anaonetsa mu 1952 kuti kuopsa kwa chuma chonse sikudalira kuopsa kwa chinthu chilichonse pachokha kokha, komanso ngati zinthuzo zimagwa nthawi imodzi kapena ayi. Mlimi amazidziwa kale zimenezi. Chaka cha chilala, monga 2024 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, anthu amagulitsa ziweto nthawi imodzi kuti agule chakudya, mtengo wa mbuzi n'kutsika. Nthawi yomweyo mamembala a gulu amavutika kubweza ngongole. Mbuzi ndi banki m'khonde zimaoneka ngati malo awiri osiyana, koma zonse zimadalira mvula ya dera limodzi. Chimanga chosunga chimakwera mtengo chaka choterocho, koma chimagwa chaka cha zokolola zambiri. Treasury bill siyang'ana mvula ya m'mudzi mwanu, mdani wake ndi kukwera kwa mitengo.

Pa tsambali lembani malo aja mu A2 mpaka A7. Mu B2 lembani =Chuma!J2 n'kukokera pansi kuti magawo abwere okha. Mu C, D ndi E lembani phindu limene mukuganiza kuti malo alionse angapereke chaka chabwino, chapakati ndi choipa. Manambalawa ndi ongoganizira, ndiye atengeni pa zimene mwaonapo, ndipo pa chaka choipa musadzimvere chisoni. Tiyeni tiike mu E: pafoni 1%, banki m'khonde -20% chifukwa membala wathawa ndi ngongole, Treasury bill 20%, masheya -25%, mbuzi -30% chifukwa cha matenda kapena akuba, chimanga -15%. Mu E9 lembani =SUMPRODUCT($B$2:$B$7,E2:E7). Zituluka -9.65%. Mu E10 lembani =E9*Chuma!$C$9, muona kuti ndi kutaya pafupifupi K225,000, kukwera kwa mitengo kusanawerengedwe.

Funsanani tsopano: titataya ndalama imeneyi chaka chimodzi, ana apitabe kusukulu? Munda ulimidwabe? Ngati yankho ndi ayi, bwererani ku mzere wa J mukasinthe magawo, muone mmene E10 ikusinthira. Yesani kangapo. Kuyesa pa tebulo sikutayitsa tambala.

Kuyang'ana kutsogolo

Tinene kuti fizi imene mukukonzekera ndi K600,000 lero, ndipo mwana adzaifuna zaka zitatu zikubwerazi. Lembani =600000*(1+Maziko!B1)^3. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti chaka chilichonse, idzakhala K1,318,200. Mukasunga K600,000 lero pa phindu la 20 peresenti osatapako, =600000*(1+20%)^3 ipereka K1,036,800. Padzaperewera K281,400, ngakhale kuti lero munali ndi ndalama yokwanira ndendende. Kudziwa zimenezi zaka zitatu zisanakwane kumakupatsani mpata wowonjezera pang'onopang'ono.

Fomula yomweyi ndi yabwino poyesa anthu obwera ndi malonjezo. Wina akakuuzani kuti muike K100,000 muzilandira 10 peresenti sabata iliyonse, lembani =100000*(1+10%)^52. Zituluka zoposa K14 miliyoni m'chaka chimodzi. Palibe geni yoona imene ingalonjeze zimenezo kwa aliyense wobwera. Amene amalipira chonchi amatenga ndalama za olowa kumene n'kupatsa olowa kale, mpaka tsiku limene foni yawo idzasiye kupezeka. Mabanki, ma SACCO, makampani a inshulansi ndi ogulitsa masheya ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank. Musanapereke ndalama, funsani chiphaso.

Zolakwika zofala ndi kusamala fayilo

Fomula yolakwika siichita manyazi, imapereka yankho molimba mtima ngati yolondola. Ngakhale akatswiri zimawachitikira. Mu 2010 Carmen Reinhart ndi Kenneth Rogoff a ku America anasindikiza kafukufuku wotchuka wokhudza ngongole za maboma, ndipo mu 2013 wophunzira wina wa pa University of Massachusetts Amherst, Thomas Herndon, anapeza kuti fomula ina ya mu Excel yawo inasiya kunja mizere ya mayiko asanu. Ndiye mukamaliza tebulo lanu, tengani mzere umodzi muuwerengere pa pepala ndi kakyuleta, muone ngati zikugwirizana. Onaninso kuti manambala a mu K akaphatikizidwa akupereka 0.

Kabokosi kakalemba #DIV/0!, ndiye kuti mukugawa ndi kabokosi kopanda kanthu. Kakalemba #VALUE!, pali mawu pamene pafunika nambala. Kakalemba #NAME?, dzina la fomula lalembedwa molakwika. Pulogalamu ikakana fomula yomwe mwaikopera bwinobwino, yesani kusintha makoma a m'kati mwake kuti akhale chizindikiro cha semikoloni (;), popeza makompyuta ena anakonzedwa motero.

Mabokosi olembamo pamanja muwapake mtundu umodzi, achikasu mwachitsanzo, kuti wina asafufute fomula mosadziwa. M'fayiloyi musalembemo nambala yachinsinsi ya banki kapena ya pafoni, ndipo muitseke ndi pasiwedi ngati foni imagwiridwa ndi anthu ambiri. Pa kutha kwa miyezi itatu iliyonse sungani kope lina lokhala ndi tsiku pa dzina lake, ndipo tsamba la Chuma mulisindikize kapena mulikopere m'kope la pamanja, chifukwa mafoni amabedwa ndi kufa. Fayiloyi isakhale chinsinsi cha munthu mmodzi. Mwamuna ndi mkazi onse adziwe pamene ili ndi mmene amaitsegulira, popeza pali mabanja amene amavutika kulondola masheya ndi maakaunti a womwalira chifukwa chosowa cholembedwa.

Zochitika muzilemba tsiku lomwelo ndalama ikalowa kapena kutuluka. Mitengo ya mu C muzisintha kamodzi pamwezi, magawo muziwaunika pa miyezi itatu iliyonse, ndipo chiwerengero cha mu Maziko B1 muchisinthe chatsopano chikalengezedwa. Ngati lero muli ndi malo awiri okha, pafoni ndi ku gulu, yambani ndi mizere iwiriyo. Tengani kabuku kanu ka banki m'khonde ndi mauthenga a pafoni a miyezi itatu yapitayi, mudzaze tsamba la Zochitika sabata ino.